Kusefa Rayleigh pa 780 nm: pomwe tafika ndi chubu cha rubidium ndi VIPA

Chomwe makinawa ayenera kuona

Makina tikumangawa ndi oyezera Brillouin (kuwala kobalalitsidwa ndi mafunde a mawu a m'sampulo, komwe fulikwensi yake imasuntha pang'ono) mu zinthu zamadzimadzi ndi zofewa, kuwala kukulowa m'sampulo ndi kubwerera njira yomweyo, pa ngodya ya madigiri 180. Kuti mudziwe pomwe nsonga ya Brillouin idzagwere, chulukitsani refractive index ndi liwiro la mawu m'sampulomo, muwirikize kawiri, kenaka mugawe ndi wavelength ya leza. M'madzi a 20 °C mawu amayenda mamita 1482 pa sekondi, index ndi pafupifupi 1.33, ndiye pa 780.24 nm nsonga ziwirizo zimagwera pa 5.05 GHz, ya Stokes kumunsi kwa leza, ya anti-Stokes kumtunda. Pa wavelength kusiyanako ndi 0.01 nm basi. Pa sikelo ya Raman (njira ina yoyezera kuwala kobalalika, yomwe kusuntha kwake n'kwakukulu) ndi 0.17 cm⁻¹.

Manambalawa okha akutulutsiratu mafyuluta onse a Raman mu ntchitoyi. Mafyuluta wamba a edge amayamba kudutsitsa kuwala pa mtunda wa ma cm⁻¹ makumi angapo kuchokera pa leza. A volume Bragg grating amayandikira kuposa onse, mpaka 5 kapena 10 cm⁻¹, koma kumeneko n'kale pa 150 mpaka 300 GHz. Akatseka Rayleigh, kuwala kobwerera pa fulikwensi yomweyo ya leza, ndiye kuti atsekera pamodzi ndi Brillouin yemwe.

Vuto lina ndi kuchuluka kwa kuwala kosafunikako. Mu makina a confocal, pa mafotoni 10 biliyoni olowa m'madzi, pafupifupi limodzi lokha ndi lomwe limabwerera ngati Brillouin, pomwe malire a galasi ndi madzi amabweza 0.4% ya kuwala konse, a galasi ndi mpweya 4%. Lenzi ikalunjika pafupi ndi galasi, chosafunikacho chimaposa chofunikacho ka 10 miliyoni n'kupitirira, kutanthauza 70 dB kupita m'mwamba. Polarisation sithandiza pano. Kuwala kwa Brillouin kobwerera m'mbuyo kumasunga polarisation yofanana ndi ya kuwala konjanja pa galasi, choncho quarter-wave plate ndi polarising beamsplitter zimapereka zonse ziwiri ku mbali imodzi.

Tandem Fabry-Perot ya John Sandercock (choyezera sipekitiramu cha makalilole oyang'anizana) imatha kuzimitsa kuposa 100 dB, koma imayenda pang'onopang'ono kudutsa fulikwensi iliyonse, zomwe zimachedwa kwambiri pojambula mapointi masauzande ambiri. VIPA (kagalasi komwaza kuwala malinga ndi fulikwensi), yomwe Masataka Shirasaki anaifotokoza mu 1996, ndipo Giuliano Scarcelli ndi Seok Hyun Yun anaiika mu maikulosikopu ya Brillouin mu 2008, imatenga sipekitiramu yonse kamodzi. Kulephera kwake n'kwakuti imodzi imangozimitsa pafupifupi 30 dB, ziwiri zopingasana pafupifupi 55 dB. Zotsalazo tazisiyira nthunzi ya rubidium, yomwe imameza kuwala kwa pa fulikwensi ya leza. Iodine pa 532 nm imagwiranso ntchito yomweyi, koma mizere yake yomeza kuwala ndi yothithikana kwambiri moti n'kovuta kupeza malo omwe nsonga za Brillouin sizikukhudzidwa. Rubidium pa D2 (kumeza kwake kwa pa 780 nm) ili ndi mizere inayi yokha. Mtengo wake ndi wakuti pa 780 nm kuwala kumabalalika mochepera ka 4.6 poyerekeza ndi pa 532 nm.

Leza ndi loko wake: zatha

Leza ndi ya diode yokhala ndi kaviti yakunja. Kachigawo kochepa ka kuwala kamapita ku kachubu kena ka rubidium kosatenthetsa, komwe saturated absorption imapereka chizindikiro cholokera, ndiko kuti chosungira leza pa fulikwensi imodzi. Tasankha mzere wa Rb-85 wochokera pa F=3 (F ndi nambala ya mlingo wa mphamvu ya atomu, F' ndi ya mlingo wakumtunda), chifukwa ndi womwe uli ndi maatomu ambiri: Rb-85 ndi 72.2% ya rubidium yachilengedwe, ndipo 7 pa 12 aliwonse a maatomuwo amakhala pa F=3, zonse pamodzi 42% ya nthunziyo. Tikuloka pa crossover (nsonga yooneka pakati pa mizere iwiri) ya F'=3 ndi F'=4, yomwe ili 60 MHz kumunsi kwa F'=4. Chizindikiro chake ndi chachikulu, komanso ili pafupi kwambiri ndi pakati penipeni pa mzere wotambasuka ndi Doppler, pomwe chubu chachikulu chimameza mwamphamvu.

Isolator, yodutsitsa kuwala kulowera mbali imodzi yokha, ndi yofunika. Sampulo ikubweza kuwala njira yomweyo, ndipo kochepa kakafika pa diode leza imadumphira pa modi ina, loko n'kumasuka.

Chubu: kutentha, mawindo ndi kukula kwa bimu

Chubu chathu ndi cha 75 mm, rubidium yachilengedwe, chopanda buffer gas, mawindo opendekeka kuti asamachite ngati etalon (nkhope ziwiri zagalasi zoyang'anizana, zodutsitsa mafulikwensi ena okha). Pa 25 °C mumakhala maatomu pafupifupi 1.3 × 10¹⁰ pa cm³, ndipo bimu yofooka imamezedwa kuposa theka. Kuchulukako kumakwera msanga ndi kutentha: 1.4 × 10¹¹ pa 50 °C, 3.3 × 10¹¹ pa 60 °C, 7 × 10¹¹ pa 70 °C. Popeza kumezako kumayenda mwa exponential, masamu akupereka kuposa 100 dB pa 60 °C, ndipo madigiri asanu ena pamwamba pake amawonjezerapo pafupifupi theka lake. Papepala ndi choncho.

Chomwe chimalamulira kuchuluka kwa nthunzi ndi malo ozizira kwambiri m'chubumo, osati pomwe pali hitala. Rubidium imasungunuka pa 39.3 °C ndipo imakaunjikana paliponse pozizira. Hitala ikakulungidwa pakati pokha, mawindo ndiwo amakhala ozizira, ndipo pakapita nthawi pamayamba kanthu konyezimira ngati siliva, kodya kuwala konse, kwa Brillouin komwe. Pano mahitala ali pa mawindo onse awiri, madigiri 10 pamwamba pa kamchira ka chubu, ndipo thermistor yolamulira ili pa kamchirako. Pozimitsa, mawindo ayenera kuzizira pomalizira. Chubu chonse chili m'bokosi lofunditsidwa, chifukwa mpweya wotentha wokwera pa mawindo umagwedeza bimu n'kusokoneza kulowa kwake mu faiba.

Chinthu chomwe ambiri amachiphonya ndi kukhuta kwa nthunzi. Saturation intensity ya D2 ndi 1.67 mW/cm². Tiyerekeze 30 mW pa sampulo, galasi n'kubweza 0.4%: ameneyo ndi 120 µW. Mu bimu ya 1 mm, pa malo okwana 0.008 cm², zimapereka 15 mW/cm², pafupifupi ka 9 kuposa malirewo. Nthunzi imakhuta n'kusiya kumeza pa nthawi yomwe ikufunika kwambiri. Ndipo optical pumping imayamba kale kumunsi kwa malirewo, maatomu akugwera ku F=2 komwe leza yathu siwakhudza. Chizindikiro chake n'chosavuta kuzindikira: kuzimitsa kumaoneka bwino poyesa ndi kuwala kofooka, koma kumagwa lenzi ikangoyandikira galasi.

Takonza ndi zinthu ziwiri. Faiba ya single-mode, yomwe ndi pinhole ya confocal, tsopano ili patsogolo pa chubu osati kumbuyo, kuti kuwala kwa kunja kwa focus kusafike n'komwe ku nthunzi. Kenaka bimu tayikulitsa kufika 10 mm isanalowe m'chubu, zomwe zatsitsa intensity ka 100. Kuseri kwa chubu kuli faiba yachiwiri. Imeneyo ili ndi ntchito inanso: maatomu akameza kuwala amakutulutsanso pa 780 nm kulowera mbali zonse, ndipo faiba imangolandira kachigawo kochepetsetsa ka kuwala kumeneko.

Kayezedwe ka kuzimitsa kali motere. Pa malo a sampulo tikuikapo kalilole. Leza ikachotsedwa pa mzere ndi ma GHz angapo kumunsi, timawerenga pa kamera kudzera mu mafyuluta a ND, ochepetsa kuwala. Kenaka timaloka, n'kumachotsa ma ND mpaka chiwerengero chibwerere pomwe chinali. Ma ND onse tinayamba tawayeza tokha pa 780 nm ndi power meter, chifukwa nambala yolembedwa pa ND yagalasi lomeza nthawi zambiri imakhala ya kuwala kooneka, ndipo pa 780 nm imadutsitsa mosiyana.

Chomwe chubu sichingachotse

Pokweza kutentha, nsonga ya Rayleigh inapitiriza kutsika monga mwa masamu, koma pansi pa sipekitiramu yonse panatsala kuwala koyalana, kosasintha ngakhale chubu chitenthe bwanji. Kumeneku si kulephera kwa chubu. Diode iliyonse imatulutsa ASE, kuwala kofooka kofalikira ma nanomita angapo uku ndi uku kwa mzere wa leza. Galasi limakubweza mofanana ndi mzere weniweniwo, ndipo nthunzi imangomeza kagawo ka 1 GHz pakati, kwina konseko n'kudutsa.

VIPA imakulitsa vutoli. FSR yake (mtunda wa fulikwensi pomwe sipekitiramu imabwerezanso) ndi 15 GHz, ndipo chilichonse chotalikirana ndi 15 GHz chimagwera pa piksero yomweyo. Nanomita imodzi pa 780 nm ndi 490 GHz, kutanthauza ma order oposa 30 osanjikizana. ASE yooneka yaing'ono pa optical spectrum analyser imaunjikana pa kamera mpaka kukwirira Brillouin, ndipo ngakhale muichotse ndi masamu, shot noise yake imatsala.

Kuyeretsa tachita m'magawo awiri, onse leza isanafike pa sampulo. Loyamba ndi volume Bragg grating yonjanjitsa mzere wa leza, yomwe yachotsa ASE yakutali. Ya mkati mwa ma GHz mazana angapo imadutsabe, ndiye lachiwiri ndi etalon ya FSR 15 GHz ndi finesse (FSR kugawa ndi kukula kwa mpata wake) pafupifupi 30. Mwa fomula ya Airy, etalon yotere imazimitsa 24 dB pa 5 GHz kuchokera pa nsonga, ndi 26 dB pakati pa ma order. Tafananitsa dala FSR yake ndi ya VIPA, kuti ASE yodutsa pa ma order ena a etalon izigwera pa malo a Rayleigh pa kamera, osati pa Brillouin. Ma FSR awiriwo safanana ndendende, koma pa ma order ochepa omwe Bragg grating yasiya, kusiyanako sikufika pa nsonga.

Mpata wa etalon imeneyi ndi 0.5 GHz. Silika yolimba imasuntha pafupifupi 2.5 GHz pa digiri iliyonse, makamaka chifukwa index yake imasintha ndi kutentha, ndiye 0.05 °C yokha ikwanira kutsitsa mphamvu ya pa sampulo mooneka. Ili m'kabokosi ka aluminiyamu pa Peltier, ndipo timaitchuna ndi kutentha, osati ndi ngodya, chifukwa kuipendeketsa kumatsitsa finesse.

Mayeso a kalilole aja ali ndi phindu lina. Kalilole alibe Brillouin pa 5 GHz, choncho nsonga iliyonse yooneka pamenepo yachokera m'makina. Leza ya kaviti yakunja ili ndi mamodi am'mbali otalikirana ndi liwiro la kuwala kugawa ndi kutalika kwa kavitiyo kawiri. Kaviti ya 3 cm imapereka 5 GHz, pamalo enieni a madzi, mbali zonse ziwiri. Amene sanayese kalilole akhoza kuyeza modi ya leza n'kumati ndi sampulo. Kusiyana kwake ndi kwakuti modi ndi yopyapyala ngati mzere wa leza, ndipo sisuntha madzi akatenthetsedwa. Etalon ija imatsitsanso mamodi amenewa.

Palinso Brillouin ya silika yomwe, ya mu faiba kapena khoma la cuvette. Pa 780 nm ili pa 22 GHz, ndipo VIPA ya 15 GHz imaipinda kufika cha pa 7 GHz, pakati pa nsonga ziwiri za madzi. N'chifukwa chake faiba yobweretsa leza ndi yotolera kuwala zili zosiyana. Patsogolo pa VIPA taikanso fyuluta ya bandpass ya ma nanomita ochepa, yotsekera Raman, fluorescence ndi nyali za m'chipinda.

Mzere wa Rb-87 ukudya anti-Stokes: sizinathe

Apa ndi pomwe ntchito yaima pakadali pano. Kuwerengera kuchokera pomwe talokapo, mizere ina itatu ili motere: Rb-87 F=2 cha pa −1.1 GHz, Rb-85 F=2 cha pa +3.0 GHz, Rb-87 F=1 cha pa +5.4 GHz. Mipata imeneyi imachokera ku hyperfine ya ground state, 3.036 GHz pa Rb-85 ndi 6.835 GHz pa Rb-87. Mbali ya Stokes ndi yoyera kuyambira cha pa −2 GHz kutsika. Mbali ya anti-Stokes ayi.

Nsonga ya madzi ili pa +5.05 GHz, yotambasuka pafupifupi 300 MHz. Mzere wa Rb-87 F=1 uli ndi 10% ya maatomu, kota ya mzere wathu, choncho pomwe wathu ukuzimitsa 50 dB, iwo ukuzimitsa cha mu 12 dB pakati pake. Doppler pa kutentha kumeneku ndi pafupifupi 0.55 GHz. Pa +5.05 GHz masamu akuonetsa kuti kuposa theka la kuwala likumezedwa. Kuchepako pakokha sikukanavuta. Chovuta n'chakuti mbali yakumtunda ya nsongayo ikudyedwa kwambiri kuposa yakumunsi, ndiye nsonga imaoneka ngati yasunthira kufupi ndi leza, komanso yapyapyala. Lorentzian ikaikidwapo imagwirizana bwino ndithu, n'kupereka nambala yolakwika popanda chochenjeza chilichonse. Cholakwikacho chimasinthanso ndi kutentha kwa chubu komanso ndi sampulo: ya pa 5.4 GHz imabooka pakati, ya pa 5.7 GHz imakankhidwira kumtunda. Zinthu zambiri zofewa zamadzi ambiri zimagwera m'chigawo chomwechi.

Methanol, yomwe ili cha pa 3.8 GHz, nayo ili ndi vuto laling'ono lofanana, phiko lake lakumunsi likukhudza mzere wa pa +3.0 GHz.

Wina anganene kuti tingotaya anti-Stokes, tizigwiritsa Stokes yokha. Kungakhale kosavuta chikanakhala kuti VIPA siyenda. Koma nayo ndi silika, yokhuthala pafupifupi 6.9 mm, yosuntha 2.5 GHz pa digiri. Ife tikufuna kusiyanitsa 10 MHz, yomwe ndi 0.004 °C pa VIPA. Palibe bokosi la pa tebulo lomwe lingasunge zimenezo tsiku lonse. Poyeza mtunda wa pakati pa Stokes ya order imodzi ndi anti-Stokes ya order yoyandikana nayo, womwe ndi FSR kuchotsapo kusuntha kawiri, 4.9 GHz pa madzi, nsonga ziwirizo zimayendera limodzi ndipo kuyendako kumafafanizika pafupifupi konse. Nsonga imodzi yokha imafuna poyambira, ndipo poyambira pake pakanakhala Rayleigh, yomwe chubu changoichotsa.

Njira zomwe tazilingalira ndi izi. Chubu cha Rb-87 yokha, leza italokedwa pa F=2, chimasiya mzere umodzi cha pa +6.6 GHz. Pa madzi n'chabwino, koma masampulo olimbirapo a pa 6 GHz amauyandikira. Chubu cha Rb-85 yokha chimasiya wa pa +3.0 GHz, ndipo kuyambira cha pa 4 GHz kukwera kulibe chotchinga. Ife tasankha chachiwirichi. Chili ndi phindu lina: maatomu a pa mzere wathu amachuluka ka 1.4 pa kutentha komweko, ndiye chubu chikhoza kutsika ndi madigiri anayi kapena asanu. Komabe machubu otere sakhala 100%. Rb-87 ikatsala 1%, kumeza kwa pa +5.4 GHz kumatsika ka 28, osati kutheratu, ndipo kupendekeka kotsalako kukhoza kusunthabe nsonga ndi ma MHz angapo.

Pa chifukwa chimenechi masamu okonzera tikuwalemba ngakhale chubu chatsopano chisanafike. Leza timaiyendetsa kudutsa mizere yonse inayi, mphamvu yofooka kwambiri, n'kulemba kuchuluka kwa kuwala kodutsa m'chubu pa fulikwensi iliyonse ndi photodiode, chubu chili pa kutentha kogwirira ntchito. Nsonga za saturated absorption za mu kachubu kolokera ndizo rula ya fulikwensi. Kuyenda ma GHz 10 popanda kudumpha modi kumafuna feed-forward, karenti ya diode iziyendera limodzi ndi piezo. Pochita fit, Lorentzian iyambe yachulukitsidwa ndi mapu a chubuwo, kenaka ndiye ichitidwe convolution ndi mayankhidwe a VIPA. Ndondomekoyi isatembenuzidwe, chifukwa kuwala kumadutsa m'chubu kusanafike pa VIPA. Kugawa sipekitiramu ya pa kamera ndi mapuwo mwachindunji n'kulakwitsa, popeza VIPA, yomwe imasiyanitsa mpaka pa 0.4 kapena 0.5 GHz, yasakaniza kale zinthu zokula ngati mzere womwe tikufuna kukonzawo.

VIPA ndi kamera

Pakadali pano tili ndi VIPA imodzi. Lenzi ya cylindrical ya 200 mm imaika mzere wa kuwala pa windo lolowera, ndipo ngodya timaichepetsa mpaka kuwala kwambiri kugwere mu ma order awiri, osafika poti bimu iyambe kudulidwa ndi m'mphepete mwa coating. Kudulidwako kumaonekera pa kutsika kwadzidzidzi kwa kuwala konse. Potulukira taikapo ND yothima pang'onopang'ono kuchokera mbali ina, chifukwa kuwala kotuluka mu VIPA kumayamba mwadzidzidzi n'kumatsika mwa exponential, ndipo m'mphepete mwakuthwamo ndi momwe mumachokera mapiko aatali a Rayleigh. Chigoba chotsekera mizere ya Rayleigh chili pa focal plane, ndipo Lyot stop idzalowa mu relay ya kutsogolo kwa kamera kuti igwire kuwala kopatuka pa m'mphepete mwa malenzi. VIPA yachiwiri sitiikapo pokhapokha masampulo osaonekera mkati atatikakamiza, chifukwa imadya kuwala kochuluka kuposa komwe chubu chikudya.

Kamera ndi EMCCD yoziziritsidwa pa −70 °C. Masensa a back-illuminated amayamba kuonetsa mizeremizere ya etaloning cha mu 780 nm, ndiye flat field iyenera kutengedwa ndi kuwala kwa wavelength yomweyi, osati ndi nyali yoyera.

Kusandutsa mapiksero kukhala GHz sikuyenda mzere wowongoka, mipata ya ma order imapanikizana ngodya ikamakula. Madzi ndi methanol zimapereka mapointi awiri okha, ndipo zonse zimadalira kutentha: liwiro la mawu m'madzi limakwera pafupifupi mamita 3 pa sekondi pa digiri iliyonse, yomwe ndi 10 MHz, ndendende pa malire omwe tikufuna. Cuvette ya madzi tsopano ili ndi thermistor yake. Poyeza sikeloyi kuwala kumalambalala chubu, pa zifukwa zomwe zili pamwambapa. Chabwino koposa ndi electro-optic modulator pa kanjira kapadera, yoyendetsedwa ndi jenereta ya RF kuyambira 3 mpaka 7 GHz, kuti ma sideband apereke mapointi ambiri odziwika bwino. Ma sideband omwewo akadutsitsidwa m'chubu adzatsimikizira mapu aja mwa njira ina.

Mpaka chubu cha Rb-85 chifike, tikuyeza ndi Stokes yokha, shatala ikusinthira ku cuvette ya madzi pakatha mzere uliwonse wa chithunzi, kuti kuyenda kwa VIPA kuzichotsedwa. Zikudya nthawi, ndipo zimangogwira ngati VIPA ikuyenda pang'onopang'ono pakati pa miyeso iwiri ya madziyo. Chotsatira ndi kubwereza mayeso a kalilole pa 55, 60 ndi 65 °C leza itayeretsedwa, kuti tipeze kutentha kotsikitsitsa komwe Rayleigh yotsala ikugwa pansi pa shot noise ya Brillouin ya madzi, lenzi italunjika ma micrometre 5 kuchokera pa galasi.